Kaduwa kofiira ka Novembala ndi bungwe lomwe linakabala

Mwezi wa Novembala ukamayandikira, akuluakulu a boma amayamba kuoneka ndi kaduwa kofiira pachifuwa. Kenaka Lamulungu lachiwiri la mweziwo nkhata za maluwa zimaikidwa pa zipilala za ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Ambirife timangoti ndi mwambo wokumbukira amene anafera kunkhondo. Komatu amene anayamba kugulitsa kaduwaka mtima wawo unali pa amoyo, anthu amene anabwerako kunkhondo opanda mwendo, opanda ntchito, ana akugona ndi njala.

Gwero la nkhaniyi lili ku Britain, m'kati mwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija makolo athu ankaitcha ya Chiwaya. Pakati pa 1914 ndi 1918 amuna oposa 6 miliyoni a m'dzikolo analowa usilikali. Oposa 700,000 sanabwerere, ndipo mwa obwerera, pafupifupi 1.75 miliyoni anali olumala mwanjira ina. Penshoni yawo inali yochepa, komanso inkaperekedwa ngati chifundo cha mfumu, msilikali alibe mphamvu yoiumirira. Mu 1917 boma linawonjezera mkwiyo pokhazikitsa lamulo loitana ena amene anali atatulutsidwa kale chifukwa cha mabala kapena matenda kuti madokotala awayezenso, ndipo opezeka kuti ali bwino abwerere kunkhondo.

Apa asilikali akale anayamba kupanga magulu. Gulu loyamba linabadwira ku Blackburn mu 1916 ndipo linkayenda limodzi ndi mabungwe a apantchito. Lachiwiri, la mu 1917, linkatsogoleredwa ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo James Hogge ndipo poyamba silinkafuna maofesala, kupatula amene anayambira usilikali wamba. Chaka chomwecho Lord Derby ndi anzake a chipani cha Conservative anathandiza kuyambitsa Comrades of the Great War, lomwe ambiri ankaliona ngati lobwera kudzaziziritsa moto wa magulu awiriwo. Maofesala nawo anapanga lawo mu 1920. Magulu anayi, onse akudandaula za chinthu chimodzi, koma akumachita kukokana. Boma limapeza mpata anthu akagawikana chonchi.

Amuna awiri osiyana kwambiri ndiwo anawalunzanitsa. Wina anali Tom Lister wa ku Lancashire, msilikali wa udindo wotsika amene anavulala kunkhondo. Wina anali Douglas Haig, yemwe analamula gulu lonse lankhondo la Britain ku France ndipo ambiri ankamuloza chala chifukwa cha unyinji wa anyamata amene anathera kumeneko. Haig anakana kulowa gulu lililonse mpaka onse atakhala amodzi. M'mawa wa pa 15 Meyi 1921 nthumwi za magulu anayiwo zinaika nkhata pa chipilala cha Cenotaph mu London, ndipo British Legion inabadwa, Lister ali wapampando, Haig ali pulezidenti.

Mphamvu yeniyeni ya lamulo inabwera mu 1925, pamene Mfumu George V inapatsa bungweli chikalata chotchedwa Royal Charter. Ndi chikalatachi bungwe linasanduka ngati munthu pamaso pa lamulo: lingathe kukhala ndi nyumba ndi malo, kusunga ndalama m'dzina lake, kukasuma kapena kusumiridwa kukhoti, komanso kukhalapobe oliyambitsa atamwalira. Zolinga zake zinalembedwa poyera: kuthandiza asilikali akale ndi mabanja awo pa umphawi ndi matenda, kuwamenyera nkhondo pa penshoni ndi ntchito, kusunga chikumbutso cha akufa, ndiponso kusakhala la chipani kapena mpingo wina uliwonse. Mfundo yomalizayi ndimaiona kuti ndi imene inalisunga, chifukwa boma la chipani chilichonse linkayenera kulimvera. Dzina la Royal analiwonjezera mu 1971, bungwe litakwanitsa zaka 50, ndipo masiku ano ngakhale amene sanakhalepo msilikali amaloledwa kulowa.

Kaduwa kaja kanabwera ndi mayi wa ku France, Anna Guérin, amene anauza atsogoleri a bungweli kuti maluwa opanga angabweretse ndalama. Pa 11 Novembala 1921 anagulitsa koyamba n'kupeza mapaundi 106,000. Chaka chotsatira George Howson anatsegula fakitale yopanga maluwawa, ogwira ntchito ake ali asilikali olumala.

Nanga ife tikulowa bwanji? Mu Febuluwale 1921, Haig ndi Jan Smuts anakumana ku Cape Town n'kuyambitsa British Empire Services League, bungwe lolumikiza asilikali akale a maiko olamulidwa ndi Britain, lomwe lero ndi Royal Commonwealth Ex-Services League. Kuno kwathu ntchitoyi inadziwika ndi dzina la CELOM, ndipo masiku ano timamva za VELOM.

Pano mpamene mbiriyi imawawa. Nyasaland inapereka asilikali pafupifupi 19,000 ku King's African Rifles pa nkhondo yoyamba, ndi amtengatenga pafupifupi 200,000 amene ankasenza katundu wa nkhondo pamutu. John Chilembwe anali atalembera kale nyuzipepala ya Nyasaland Times mu 1914 kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yosawakhudza. Pa nkhondo yachiwiri anyamata athu anafika mpaka ku Burma. Zikalata zomwe zinaululidwa mu 2019 zinaonetsa kuti nkhondoyo itatha, msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene wakuda ankalandira atatu ndi theka. Mu 2018 boma la Britain linalengeza mapaundi 11.8 miliyoni oti asilikali akale oposa 7,000 a m'maiko a Commonwealth, pamodzi ndi akazi amasiye, azidya kawiri pa tsiku. Thandizoli linafika ambiri atagona kale kumanda.

Mnyamata amene anali ndi zaka 18 mu 1945 anabadwa mu 1927. Otsala ndi owerengeka. Mukagula kaduwako chaka chino, funsani kumene ndalamazo zikupita, ndipo ngati m'mudzi mwanu muli gogo amene anapita ku Burma, pitani mukamuone akali moyo.