Kuchoka m'Kaundula Kupita ku Seva: Malipoti a Zaumoyo ku Chigwa cha Shire

Kwa zaka zambiri zipatala za ku Chikwawa ndi Nsanje zinkasunga zonse m'makaundula. Mwezi ukatha, kalaliki ankawonkhetsa odwala malungo, amayi ochira ndi ana obayidwa katemera, n'kutumiza fomu ku ofesi ya zaumoyo paboma. M'dzinja, mtsinje wa Shire ukasefukira, fomu ya kutsidya, monga ya ku Makhanga, inkayamba yadikira kuti madzi aphwe.

Zinthu zinayamba kusintha mu 2001, pamene Gerry Douglas anaika makompyuta odina pagalasi pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe. Ntchitoyi inakula pansi pa bungwe la Baobab Health, makamaka m'zipinda zolandirira ma ARV. Mu 2012 Unduna wa Zaumoyo unayamba kugwiritsa ntchito DHIS2, pulogalamu yochokera ku yunivesite ya Oslo, ndipo malipoti a maboma onse anayamba kuyenda pa intaneti.

Kuseri kwa zonsezi kuli seva yosunga deta, yomwe ntchito yake ndi kutchera khutu pakhomo limodzi. Pulogalamu yosungira deta ya MySQL, yomwe a Baobab anasankha, imamvetsera pakhomo 3306, pomwe PostgreSQL ya DHIS2 imamvetsera pa 5432. Woyang'anira seva ndiye amalamula amene angamvedwe. Akalemba 127.0.0.1, seva imangomva kompyuta yomwe ikukhalamo. Akalemba 0.0.0.0, imamva aliyense wobwera ndi adiresi ya IPv4, zomwe si zochita mwachisawawa pamene nkhani ndi ya magazi a anthu.

IPv4, njira yopatsira makompyuta maadiresi pa intaneti, inakhazikitsidwa mu 1981 ndi maadiresi pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo nkhokwe yake yaikulu inauma mu February 2011. IPv6, ya m'ma 1990, ili ndi maadiresi ataliatali komanso ochuluka zedi, koma ziwirizi sizimvana zokha. Seva yotchera khutu ku IPv4 yokha imakhala gonthi kwa wobwera ndi IPv6, pokhapokha itauzidwanso kumvetsera pa chizindikiro cha madontho anayi, ::. PostgreSQL inaphunzira zimenezi mu 2003, MySQL mu 2010.

Komabe kuchigwa, chomwe chimagonthetsa seva msanga ndi kuzima kwa magetsi. Mu January 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira ku Chikwawa, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. N'chifukwa chake njira ya Baobab, yoika seva ndi mabatire ake pachipatala pomwepo, inali yanzeru: makompyuta a m'zipinda amalankhula nayo pa netiweki yam'kati ngakhale intaneti itaduka.