Umboni Wobisika M'diso

Lero tikambe za munthu amene amati wacira, koma iye mwini adziwa kuti sanacire. Ambiri tamuonapo. Anadwala cimfine cacikuru, kutentha kwa thupi kunatha, koma miyezi ipita iye ali wofooka, mutu uli wolemera, ndipo akayenda pang'ono mtima ugunda monga wathamanga. Kunchito amuyesa waulesi, ndipo kunyumba amati angodzimvera cisoni. Kodi ulipo umboni wakuti adwaladi? Madokotala ayamba kuupeza m'diso, ndipo njira imene anafikira kumeneko ndi yaitali.

Kumbuyo kwa diso kuli kansalu kopyapyala kolandira kuwala, kamene madokotala akacha retina. M'kansalu kameneka muyenda timitsempha ta mwazi, tina tocepa koposa tsitsi la munthu. Apa dokotala atha kupenya mitsempha ya munthu wamoyo popanda kuceka thupi lace.

Kale kamwana ka m'diso kanali ngati khomo la nyumba yamdima. M'caka ca 1851 Hermann von Helmholtz, mphunzitsi wa ku Königsberg, analengeza cipangizo ca magalasi coponya kuwala kwa nyali m'kati mwa diso, ndipo madokotala anayamba kuona timitsempha timeneti. M'caka ca 1898 Marcus Gunn wa ku London anafotokoza kuti mwa anthu amene mwazi wao uthamanga kwambiri, mitsempha yobweretsa mwazi imauma ndi kupanikiza inzace pamene idutsana. Motero diso linayamba kunena za matenda a thupi lonse. M'caka ca 1961 Harold Novotny ndi David Alvis a ku America anaonetsa njira yolowetsa mankhwala owala m'mtsempha wa pamkono, ndi kujambula m'mene ayendera m'diso. M'caka ca 1991 kunadza makina ochedwa OCT, opima kansalu kaja ndi kuwala kokha.

Tsopano tibwerere kwa wodwala uja, pakuti mbiri yace nayo ndi yakale. Cimfine cacikuru ca 1918, cimene cinapha anthu ambiri ngakhale kuno kwathu, cinasiya ena ali ofooka nthawi yaitali. M'caka ca 1955 anchito 292 a cipatala ca Royal Free ku London anagwidwa ndi nthenda yosadziwika, ndipo ena mwa iwo sanapezenso mphamvu zao. Koma m'caka ca 1970 madokotala awiri a matenda a maganizo analemba kuti nthendayo inali ya mantha cabe. Mau amenewo anapweteka odwala zaka zambiri, cifukwa analibe coonetsa.

Nthenda ya Covid-19, imene inayamba ku Wuhan m'caka ca 2019 ndi kufika m'Zambia m'Marici 2020, inasiya anthu otere oculuka pa dziko lonse. M'caka ca 2021 bungwe la za umoyo la WHO linabvomereza kuti kudwala kotsalira kumeneku ndi nthenda yeniyeni.

Apa ndi pamene mbiri ziwirizi zikomana. Mwa munthu wabwino, nyali yophethira ikawala m'diso, mitsempha itanuka kuti mwazi upite wambiri. M'caka ca 2023 madokotala a ku Munich anapeza kuti mwa odwala Covid yotsalira mitsempha yobweza mwazi siitanuka mokwanira, ndipo yobweretsa mwazi ili yopapatiza koposa ya anthu abwino. Anzao a ku Erlangen, popima ndi OCT, anapeza timitsempha toyenda mwazi tili tocepa ciwerengero. Zimenezi zisonyeza kuti khungu la m'kati mwa mitsempha lingakhale lobvulala, ndipo ngati zili tero m'diso, zingathe kutero mu ubongo ndi m'minofu.

Tisafulumire. Kusiyana kumeneku kuoneka poyerekeza magulu a anthu, ndipo sikunafike pokhala muyeso wouza munthu mmodzi kuti adwala kapena ai. Koma phunziro lace ndi lomveka. Nthenda imene sitingaione lero ingathe kuoneka mawa, cipangizo coyenera cikapezeka. Cifukwa cace, mnzanu wa pa nchito akakhala wofooka atacira cimfine, musamuseke. Mperekezeni kucipatala, ndipo inu akapitao mumpatse nthawi yakupumula.

Tsalani bwino mpaka tidzakomanenso.