Asipirini kwa Okalamba Athanzi

Kwa zaka zambiri asing'anga a m'zipatala za ku Ulaya ndi ku America ankalangiza okalamba, ngakhale iwo amene mtima wawo sunawavutepo, kuti azimwa kam'bulu ka asipirini tsiku ndi tsiku, popeza mankhwalawa amaletsa tizigawo ta m'magazi kumamatirana n'kutseka mitsempha ya kumtima kapena ya kuubongo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mphamvu yomweyo imene iletsa magazi kuundana ndiyo imatsegulanso njira ya kukha magazi m'mimba ndi m'mutu.

M'chaka cha 2018 kafukufuku wa ASPREE, amene anatsata anthu 19,114 a ku Australia ndi ku America, ambiri a zaka 70 kapena kuposerapo, kwa zaka pafupifupi zisanu, anapeza kuti mamiligalamu 100 patsiku sanawatalikitsire masiku okhala opanda chilema kapena kusokonezeka nzeru, pamene kukha magazi koopsa kunagwera 3.8 peresenti ya omwa asipirini, poyerekeza ndi 2.8 mwa omwa m'bulu wopanda mankhwala. Chaka chomwecho kafukufuku wa ASCEND ku Britain, pa odwala shuga, anaona phindu ndi ngozi zikulingana pamuyeso. Motero mu 2022 bungwe la US Preventive Services Task Force linalangiza kuti a zaka 60 kupita m'tsogolo asayambe kumwa asipirini pofuna kupewa kugwidwa koyamba ndi nthenda ya mtima kapena sitiroko.

Mtsutso udakalipo pa anthu a zaka zapakati amene chiopsezo chawo cha nthenda ya mtima n'chachikulu. Koma amene anagwidwapo kale ndi nthenda ya mtima kapena sitiroko, mlandu wawo ndi wina, ndipo sayenera kuleka mankhwalawa popanda kufunsa dokotala.