Babatoni ndi Maikolofoni: Liwu Limene Zimbale za Kalindula Zidataya

M'nkhani ino tikambapo za babatoni, besi yansambo imene anyamata a m'makomboni a Lusaka, monga Lilanda, Matero ndi George, akhala akudzipangira ndi mtengo, waya ndi ng'oma yokuta chikopa. Funso lathu ndi lakuti: kodi liwu lake lidasungika m'zimbale?

Babatoni ili ndi mawu aŵiri. Oyamba ndi mgugu wochokera m'mimba mwa ng'oma, umene mvekero wake ndi di di di. Achiŵiri ndi kuthetheka kwa nsambo ikamenyedwa, kuti tha! Maikolofoni ikayandikira chikopa imameza mguguwo, kuthetheka kuja nkuzilala; ikakwezedwa kufupi ndi dzanja la woimba, imatola kuthetheka ndi kuonza mgugu. Vutoli si lathu lokha. Ku Sun Studio ku Memphis mu 1954, kuwomba nsambo kwa Bill Black pa besi yoimika ndiko kudagwira ntchito ya ng'oma m'nyimbo zoyamba za Elvis Presley. Masiku ano akatswiri ambiri amaika maikolofoni ziŵiri, ina kumunsi ina kumtunda.

Ojambula akale kuno kwathu adalibe mwayi wotero. Hugh Tracey, amene adakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, ankagwira maikolofoni imodzi m'manja nkumaisendeza kwa woimba uyu ndi uyo. Motero dzanja lake ndilo linkagamula chimene ife tikumva lero, mfundo imene ofufuza timaiiŵala tikamatenga zimbalezo ngati mboni yosakondera. Gerhard Kubik adajambula gulu la Daniel ndi Donald Kachamba ku Malaŵi mu 1967, besi ya nsambo imodzi ili momwemo, ndipo buku lake lonena za gululi lidatuluka mu 1974 kudzera ku Institute for African Studies ya University of Zambia.

Kalindula, amene gwero lake ndi ku Luapula, ataloŵa m'masitudiyo monga DB Studios ku Lusaka m'zaka za m'ma 1980, nkhani idatha mwachidule. Magulu monga Amayenge, komanso P.K. Chishala, ankaimba ndi besi yamagetsi, imene chingwe chake chimangolumikizidwa ku makina popanda maikolofoni. Mgugu udatsala, koma kuthetheka kwa waya kudasoŵa. Tikuona kuti mphunzitsi wofuna kumveketsa tha! uja kwa ophunzira ake sangadalire zimbale zimenezi. Ayenera kupita ndi maikolofoni ziŵiri kukomboni kumene babatoni ikuimbidwa.