Ng'amba ndi chilala: mbiri ya kayezedwe kake

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, m'buku la Chipwitikizi mwana amapezamo liwu loti seca. Ife tili ndi awiri: ng'amba, pamene mvula yadula pakati pa dzinja chimanga chili m'munda, ndi chilala, pamene dzinja lonse lakanika. Asayansi nawonso amayeza ziwirizi mosiyana, koma zinawatengera nthawi.

Poyamba chida chinali chimodzi, kachitini kolandira mvula kokhala ndi mizere ya mamilimita. Milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi. Kachitinika kamafuna munthu woti akawerenge m'mawa uliwonse, ndipo m'zaka za nkhondo malo ambiri oyezera mvula m'Mozambique anasiya kugwira ntchito. Chilala chachikulu cha 1991/92 chinafika anthu ambiri a kuno ku Angónia ali othawa nkhondo ku Dedza ndi ku Ntcheu. Akanawerenga ndani?

Thandizo linachokera kumwamba. M'chaka cha 1985, njala ya ku Ethiopia itaononga anthu, dziko la America linakhazikitsa FEWS, ntchito yochenjeza za njala isanafike. Masetilaiti ankayeza kuzizira kwa mitambo pofuna kudziwa kumene kwagwa mvula, komanso kubiriwira kwa zomera, masiku khumi aliwonse.

Funso lovuta linatsala: mvula yochepa ndi yochuluka bwanji? Mu 1993 Thomas McKee ndi anzake a ku Colorado anakonza muyeso wotchedwa SPI, umene umayerekeza mvula ya dera ndi mbiri ya dera lomwelo, ya zaka 30 kapena kuposa. Ukafika pa -2, chilala chafika poipa. Apa ndi pamene ine ndimaona nzeru: mvula imene anthu a ku Changara angaithokoze, ku Ulongwe ingakhale chilala, chifukwa mapiri athu anazolowera yambiri.

Komabe mvula ya dzinja lonse ikaphatikizidwa pamodzi, ng'amba imabisika. N'chifukwa chake akatswiri a zanyengo, monga a INAM kwathu kuno, amawerenganso masiku otsatizana opanda mvula. Mu February 2024, nthawi ya El Niño, mvula inadula chimanga chikumasula ngayaye, ndipo yobwera mochedwa sinabwezeretse zisononkho. Pa 23 March chaka chomwecho, tsidya la malire, Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 a Malawi ali pa ngozi.