MMENE ANCHITO A M'MIGODI ANAWERENGERA MPHAMVU ZAO

Mlenje wanzeru sataya nthawi kudandaula za ukali wa njati. Ayamba wawerenga mibvi imene iri m'phodo mwace ndi agaru amene ali nao, ndipo atatero asankha njira yolowera m'thengo. Mbiri ya anchito Aciafirika a m'migodi ya mkuwa ionetsa kuti bungwe la anthu liyenera kucita comweco.

M'caka ca 1935 Boma la Northern Rhodesia linakweza msonkho wa anthu okhala ku migodi kucokera pa 12s. 6d. kufika pa 15s. Anchito a ku Mufulira, Nkana ndi Roan Antelope ku Luanshya anakwiya naleka nchito. Mkwiyo unali waukuru, koma panalibe bungwe lowalankhulira, ndipo pa Luanshya apolisi anaombera mfuti napha anthu 6. M'caka ca 1940, Azungu a m'migodi atacita sitalaka nalandira zimene anapempha, Aafirika naonso analeka nchito. Pa Nkana asilikari anaombera khamu, ndipo anthu 17 anamwalira.

Koma m'masiku acisoniwo munabisala maphunziro awiri. Loyamba ndi lakuti mu 1935 mau a sitalaka anayenda msanga kucokera ku komboni ina kunka ku inzace, ndipo ena mwa owanyamula anali a gule wa Mbeni, amene anali kale ndi atsogoleri ndi mwambo wa kumverana. Laciwiri linaoneka pa Mufulira mu 1940. Kumeneko anchito anasankha amuna 17 kuti atsogolere sitalaka, ndipo amunawo anasunga bata, kotero kuti mwazi sunakhetsedwe monga pa Nkana. Anchitowo analibe cuma kapena zida, koma anali ndi njira zotumizira mau, anali ndi anthu oyenera kuwamvera, ndiponso anali ambiri.

Itatha nkhondo yaciwiri, Boma la ku Britain linatumiza William Comrie mu 1947 kuti athandize Aafirika kupanga mabungwe a anchito. Iye sanapeze munda wosalimidwa, pakuti makalaliki ndi akapitao a pansi pa mgodi anali kale ndi timabungwe tao. Makalaliki anadziwa kulemba makalata ndi kusunga mabuku a ndalama. Akapitao anadziwa munthu aliyense wa m'gulu lao ndi mabvuto ace. Pa maziko amenewa nthambi yoyamba inamangidwa pa Nkana mu 1948, ndipo mu 1949 nthambi za m'migodi zinalumikizana kukhala African Mineworkers' Union. Mtsogoleri wace anali Lawrence Katilungu, amene anayamba wakhala mphunzitsi, nagwiraponso nchito pansi pa mgodi, nadzakhala womasulira mau pa Nkana. Cotero anadziwa cilankhulo ca mu ofesi ndi ca pansi pomwe. Mlembi wamkuru anali Simon Kaluwa. Caka comweco makampani anabvomereza bungweli.

Ciyeso cacikuru cinadza mu October 1952, pamene bungwe linapempha kuti malipiro akwere ndi 2s. 8d. pa shifiti, makampani nakana. Apa m'pamene nzeru ya kuwerenga mphamvu inaonekera. Mtengo wa mkuwa unali wokwera cifukwa ca nkhondo ya ku Korea, ndipo tsiku lirilonse limene mgodi unaima linali citayiko cacikuru kwa eni ace. Mphamvu ya anchito inali manja ao ndi umodzi wao, osati miyala kapena zibonga. Cifukwa cace atsogoleri analamula kuti pasakhale cipolowe, cimene cikadapatsa Boma cifukwa ca kuitana asilikari. Analolanso kuti nchito zofunika, monga za m'cipatala ndi za kupopa madzi m'migodi, zisaime, podziwa kuti mgodi womira sulipira munthu.

Anchito oposa 30,000 anakhala pansi masabata atatu mwabata. Mlandu unaperekedwa kwa C. W. Guillebaud, katswiri wa za cuma wa ku Cambridge, ndipo mu January 1953 iye anagamula kuti malipiro akwere ndi 1s. 2d. kufikira 1s. 8d. pa shifiti. Sizinafike pa zimene anapempha, koma kwa munthu wa malipiro apansi kunali kukwera kumene sanakuonepo ndi kale lonse, ndipo panalibe maliro. Caka comweco anchito anaponya voti yocotsa oimira mitundu amene makampani anali kulankhula nao kale, nasankha kuti Mbemba, Mlozi, Mngoni ndi Mcewa alankhule ndi pakamwa pamodzi.

Katilungu anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1961, ndipo mu 1967 bungwelo linalowa mu Mineworkers' Union of Zambia. Koma phunziro lace likhalabe kwa onse oyendetsa magulu, kaya ndi kalabu ya mpira, bungwe la amai, kapena cigwirizano ca ogulitsa pa msika. Gulu losonkhana kudzawerenga zosowa zokha libalalika ndi mitima yolefuka. Gulu loyamba ndi kufunsa kuti, "Kodi tiri ndi ciani m'manja mwathu, ndipo ndani mwa ife adziwa ciani?" lipeza poyambira, ndipo nchito yace iima pa mwala.