Nyimbo zojambulidwa m'nyumba: mbiri yake ndi cimene cimakopa omvera

Nyimbo zojambulidwa m'nyumba, zimene ku maiko a Azungu zimachedwa lo-fi, ndi nyimbo zimene woimba amajambula yekha kapena ndi anzake owerengeka, popanda studio yaikulu ndiponso popanda kampani yomulipirira. Dzinali limatanthauza kuti mamvekedwe a nyimboyo sanasalazidwe. Mumamveka kupuma kwa woimba, kukhuzika kwa zala pa nsambo za gitala, ndipo nthawi zina mvula yogwa pa malata.

Mmene zimajambulidwira

M'makomboni a m'matauni, monga Chililalila ku Kabwe, studio ya mtundu uwu kawirikawiri imakhala cipinda cimodzi cokhala ndi kompyuta, maikolofoni imodzi ndi zomvera za m'makutu. Pa zipupa amapacika mabulangete kapena matilesi kuti mau asamabwerere. Ng'oma ndi zoimbira zina amazipanga pa kompyuta ndi pulogalamu monga FL Studio ya kampani ya Image-Line ya ku Belgium, kenaka woimba amaika mau ake pamwamba pake. Ambiri amajambula usiku, phokoso la magalimoto ndi la m'mabawa likacepa.

Njira imeneyi inafala kuyambira mu 1979, pamene kampani ya TEAC ya ku Japan inatulutsa makina ochedwa Portastudio, amene anali kujambula mau anayi osiyana pa kaseti imodzi. Mu 1982 Bruce Springsteen wa ku America anatulutsa cimbale ca Nebraska, cimene anajambula ndi makina amenewa m'nyumba mwake ku New Jersey. Mu 2020 Billie Eilish analandira mphotho ya Grammy ya cimbale copambana pa caka, cimene anajambula m'cipinda cogona ca mlongo wake Finneas ku Los Angeles.

Cimene cimakopa omvera

Coyamba ndi kuyandikira kwa mau. Popeza woimba amaimirira pafupi kwambiri ndi maikolofoni m'cipinda caching'ono, womvera amamva ngati akumuimbira pa khonde. Caciwiri ndi ufulu. Palibe wolipira amene amamuuza cinenero kapena nkhani yoti aimbe, motero amasakaniza Cinyanja, Cibemba, Cilenje ndi Cingelezi monga mmene anthu amalankhulira pa msika. Cacitatu ndi cangu. Nyimbo ya maliro, ya mtengo wa ufa kapena ya kusowa kwa nchito ikhoza kujambulidwa lero ndi kufika pa mafoni a anthu mawa, nkhaniyo ikali pakamwa.

Kusowa kwa zipangizo kumabalanso luso. Oimba a kalindula a m'midzi akhala akusema okha mabanjo ndi babatoni, ndipo kamvekedwe kake kokakala ndiko kamene anthu amazindikira nako nyimbozo.

Mbiri yake mu Zambia

Kamvekedwe kosasalazidwa si kacilendo m'dziko lino. M'zaka za m'ma 1950, Alick Nkhata anali kujambula ndi kuulutsa nyimbo za anthu wamba pa wailesi ya ku Lusaka, ndipo Hugh Tracey anayendera makomboni a ku migodi ndi makina ake ojambulira. M'zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti nyimbo 95 mwa nyimbo 100 zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko muno, magulu a Zamrock monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family anajambula zimbale zao ndi zipangizo zocepa, m'malo monga Malachite ku Chingola ndi DB Studios ku Lusaka.

Magitala okakala a m'zimbale zimenezo ndiwo anadzakopa dziko lonse patapita zaka zambiri. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazitulutsanso, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa nyimbo za magulu osiyanasiyana m'zimbale zochedwa Welcome to Zamrock. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anaika cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family m'nyimbo yake ya Noid.

Ku Kabwe, mzinda umene unali kuchedwa Broken Hill kufikira mu 1966, mgodi wa mtovu ndi zinki unatsekedwa mu 1994, ndipo mabanja ambiri anataya podalira. Kwa wacinyamata wokulira m'malo otere, ulendo wa ku Lusaka ndi malipiro a studio yaikulu n'zolemetsa, koma cipinda ca mnzake cokhala ndi kompyuta ciri pafupi.

Mabvuto ake

Bvuto loyamba ndi magetsi. Madzi akacepa ku Kariba, monga mu 2015, 2019 ndi 2024, magetsi amazima maola ambiri ndipo nchito imaima. Laciwiri ndi phindu. Nyimbo imayenda msanga pa WhatsApp ndi pa makadi a m'mafoni, koma mwini wake salandirapo kanthu. Lamulo la 1994 loteteza eni nyimbo ndi zolembedwa limateteza nyimbo yojambulidwa m'cipinda mofanana ndi ya m'studio yaikulu, ndipo bungwe la ZAMCOPS ndilo limasonkhanitsira oimba olembetsa ndalama zocokera ku mawailesi ndi malo ena oseweretsa nyimbo.

Lacitatu ndi kasungidwe. Kompyuta ikafa kapena kubedwa, nyimbo za zaka zambiri zimatayika tsiku limodzi. Zimbale za Zamrock zinamvekanso cifukwa panali anthu amene anasunga matepi ndi malekodi. Motero woimba wa m'nyumba ayenera kusunga nyimbo zake m'malo awiri kapena atatu, ndi kulemba pa pepala dzina la wopeka, la wojambula ndi tsiku limene anajambula.